Chithunzi cha Pamvula

Anthu amene tidakula kusanabwere mafoni a m'manja tikukumbukira kuti kujambulitsa chithunzi idali nkhani yaikulu. Munthu sankangodzuka n'kuima pamaso pa kamera ayi. Ankayamba wachapa malaya, kuwasita ndi ayironi yamakala, kusamba ndi kudzola mafuta, ndipo ngati adalibe nsapato kapena wotchi ankakabwereka kwa mnzake. Ena ankanyamula wailesi, ena ankatsamira njinga ya eni, kuti wodzaona chithunzicho adzati munthuyu zake zinkayenda. Pa zokonzekera zonsezi mvula idalibe malo. Tonse tinkakhulupirira kuti chithunzi chimafuna dzuwa, kotero kuti kukachita mitambo wojambula tinkamubweza. Inenso ndidali ndi chikhulupiriro chomwechi kufikira mwezi wa Febuluwale m'chaka cha 1991, pamene ndinkaphunzitsa Sitandade 8 pasukulu ina ya m'tsinde mwa phiri la Michesi ku Phalombe, dera lomwe masiku amenewo lidali mbali ya boma la Mulanje.

Inu ana a lero, amene mumajambula zithunzi zambirimbiri pafoni kenaka n'kufufuta zonse kusiyako chimodzi, muyenera kumva kaye momwe ntchitoyi inkayendera. Wojambula ankayendayenda panjinga m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'misika, kamera ili m'khosi. M'kati mwa kameramo munkakhala filimu, kalamba kopyapyala kopakidwa mankhwala omwe amasintha kuwala kukawagwera. Filimu imodzi inkalowa zithunzi 12, 24 kapena 36 basi, ndipo zodziwika zidali za Kodak, Fuji ndi Agfa. Wojambulayo sankaona chimene wajambula. Ankadikira kuti filimu ithe, ndiyeno n'kupita nayo ku Limbe kapena ku Blantyre kukatsukitsa. Ife ojambulitsa tinkalipiriratu theka la mtengo, n'kudikira masabata awiri kapena atatu mtima uli m'mwamba, pakuti nthawi zina yankho linkangobwera lakuti, "Pepani, chidapsa." Ndipo chikapsa chapsa, tsikulo silinkabwereranso.

Chaka chimenecho ana anga adapempha kuti tijambulitse chithunzi cha kalasi yonse asanabalalike akadzalemba mayeso. Tidagwirizana kuti aliyense asonkhe kangachepe, ndipo maina a osonkha ndidawalemba kuchikuto cha kaundula. M'kalasimo mudali ana 43. Onse adasonkha kupatula mtsikana mmodzi, wofatsa, wodziwa masamu, amene bambo ake adamwalira iye ali wamng'ono. Ndidamukumbutsa kawiri, iye n'kumangoyang'ana pansi.

Tsiku lomwe tidapangana kudacha ndi mvumbi. Phiri silinkaoneka, bwalo la sukulu lidasanduka dambo, ndipo ana adafika mayunifolomu ali nyowe, miyendo ili matope okhaokha. Ndidaganiza kuti wojambula sabwera. Koma cha m'ma 10 koloko ndidangomuona akutulukira, akukankha njinga, kamera ataikulunga m'mapepala apulasitiki a shuga n'kuibisa m'malaya.

"Achimwene, mwadzivutiranji chonchi?" ndidamufunsa. "Bwererani, mudzabwere kukadzawala dzuwa. Ana awa ali ngati nkhuku zogwera m'chitsime."

"Aphunzitsi," adayankha motero uku akufinya chipewa, "m'filimu muno mwatsala malo awiri okha, ndipo mawa ndikukwera basi ya ku Limbe. Mukandibweza lero, tidzaonana Isitala itapita. Komanso inu ndinu odziwa za choko, za kamera ndisiyireni."

Kunena zoona mawu otsirizawo adandilasa, chifukwa mphunzitsi wa masiku amenewo sadazolowere kuphunzitsidwa, makamaka pamaso pa ana. Komabe zimene adandifotokozera titaima pakhonde paja sindidaziiwale, ndipo pambuyo pake ndidaziona kuti n'zoona. Iye adati mdani wa nkhope ya munthu ndi dzuwa la masana, osati mitambo. Dzuwa likaswa mtengo anthu amatsinzina, mithunzi imagwera m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo ife akhungu lakuda timangotuluka bii, mano okha ali mbee. Pamene mitambo imasefa kuwala ngati nsalu yoyera, n'kukugawa mofanana pankhope zonse. Adandilozeranso masamba a mibawa ndi njerwa za kalasi, kuti ndione momwe mvula idazitsukira fumbi n'kuzikoleza maonekedwe.

Vuto la mvula, malinga ndi iye, lidali kuchepa kwa kuwala. Kukada kamera imayenera kutsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti filimu ikhute kuwala. Padzuwa diso limaphethira m'gawo limodzi mwa magawo 250 a sekondi, koma tsiku limenelo adalitchera pa gawo limodzi mwa magawo 30. Kwa ife kusiyanaku n'kosaoneka, koma kwa kamera ndi nthawi yokwanira kuti mwana wogwedeza mutu atuluke ngati mzukwa. Nditamufunsa chifukwa chomwe sankayatsira fulashi, adaseka n'kunena kuti kuwala kwake kukadagunda madontho apafupi, chithunzi chonse n'kudzaza timadontho toyera ngati kwagwa matalala. Chomwe ankaopa kwambiri chidali madzi kulowa m'kamera, pakuti chinyontho chikakhalitsa m'galasi mumamera chuku, ndipo kamera yomwe idali munda wake ikadathera pomwepo.

Tsono adawandandalika ana pakhonde, m'mizere itatu, nkhope zitayang'ana kubwalo komwe kunkachokera kuwala. Iye mwini adayenera kuima pamtetete, pamvula penipeni, manja onse awiri ali pakamera. Pamenepo padafunika munthu womugwirira ambulera.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga. Sindidachedwe kuganiza. Ndidakumbukira chikuto cha kaundula chija, ndipo ndidaitana mtsikana uja amene sadasonkhe. M'mutu mwanga ndinkati ndikuchita chilungamo: anzake alipira, iye sadalipire, tsono athandizeko ndi manja. Ndidaonanso ngati ndikumuphunzitsa kuti m'dziko muno mulibe chaulere. Mwanayo sadanyinyirike. Adachoka pamzere wachiwiri pomwe adali ataima kale, adalandira ambulera yanga yakuda, n'kukaima kumbuyo kwa wojambula, atanyanyamphira chifukwa bamboyo adali wamtali. Ine ndidakhala pampando pakati pa ana, tayi ili pakhosi. Wojambula adatiuza kuti tigwire mpweya. Kamera idalira kawiri, ndipo ana adabalalika akuseka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula idapitirira, ndipo pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi lidaphulika madzi. Akuluakulu a kumeneko adati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe amati chikamasamuka chimakokolola zonse za m'njira yake, monga chidachitira ku Zomba m'chaka cha 1946. Ife a m'kalasi timafotokoza kuti dothi la m'mapiri otsetsereka likakhuta madzi limaleka kugwira thanthwe, ndiye limatsika pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Mafotokozedwe onse awiri sadathandize munthu tsiku limenelo. Miyala ina idali yaikulu ngati nyumba. Midzi, minda ndi milatho zidapita, anthu mazanamazana adafa, ndipo ambiri mwa iwo mitembo yawo sidapezeke. Kalasi yanga idataya ana atatu. Mmodzi mwa iwo adali mtsikana wa ambulera uja, ndipo iye manda alibe.

Wojambula adabwera mu Epulo misewu itayamba kupitika. Chithunzi choyamba chidaonongeka chifukwa ana ena adagwedezeka. Chachiwiri chidatuluka bwino koposa chithunzi chilichonse chimene ndidajambulitsapo padzuwa. Nkhope iliyonse inkaoneka, maso ali otsegula, ndipo madzi otsika m'malata adajambulika ngati ulusi woyera patsogolo pa chitseko chakuda cha kalasi. Chilema chidali chimodzi chokha, ndipo mwini wake adapepesa nacho. Pangodya yakumwamba, kudzanja lamanja, padali kachigamba kakuda kokhota, kosaoneka bwino. Idali nsonga ya ambulera, yomwe idapendekeka pa nthawi yomwe kamera inkalira, kaya ndi mphepo kaya mkono wa mwana udatopa.

Makolo a ana awiri aja adalandira zithunzi zawo, ndipo wojambula adakana kulandira theka lotsala. Patapita masiku angapo kudabwera mayi wina kunyumba kwanga madzulo. Adakhala pansi pakhonde, ngakhale ndidawapatsa mpando, ndipo titalonjerana adati, "Aphunzitsi, ndamva kuti ana mudawajambulitsa. Ndati ndidzamuoneko mwana wanga. Kunyumba kulibe chake chilichonse chotsala, ngakhale kope."

Ndidalowa m'nyumba miyendo ikulemera. Adachilandira ndi manja awiri, n'kuyamba kuyendetsa chala pamzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Adabwerezanso. Kenaka adati, "Kapena maso angawa ndi misozi. Tandilozerani, aphunzitsi."

"Mayi, mwana wanu pamizerepo palibe," ndidatero. "Iye ndi amene adagwira ambulera kuti kamera isanyowe. Kakuda mukukaona pangodyapa ndi ambulerayo. Dzanja lake lidali m'munsi mwakemo."

Adayang'anitsitsa kachigambako nthawi yaitali. Ndinkadikira funso lakuti, nanga bwanji mwa ana onsewa mudasankha wanga? Funsolo silidabwere. M'malo mwake adati, "Ndiye kuti mudamudalira. Adali wotero mwana uja, wosakana ntchito." Adapempha ngati angatenge chithunzicho, ndipo ndidawapatsa. Adachikulunga m'nsonga ya chitenje n'kutsazika. Chifukwa chenicheni sindidawauze tsiku limenelo, ndipo sindidawauzenso mpaka ndidasamutsidwa. Ena angati ndidawachitira chifundo. Ine amene ndidali pamenepo ndikudziwa kuti adali mantha.

Ndidaphunzitsa zaka zina zambiri pambuyo pake, ndipo sindinganame kuti ndidasanduka mngelo. Ana osalipira ndalama za chitukuko ndidawabwezapo, pakuti malamulo a sukulu ndi malamulo. Koma pa nkhani ya zithunzi ndidasiya kulemba maina a osonkha. Chosowa ndinkathirapo ndekha mwakachetechete, ndipo wojambula ndidaleka kumubweza chifukwa cha mitambo.

Nkhani imeneyi idandibwereranso mwamphamvu mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula masiku angapo m'chigawo cha kumwera. Matope adatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo Mulanje, Chiradzulu ndi Phalombe yemwe uja adaliranso. Anthu oposa 1,000 adatisiya. Ulendo uno kamera idali m'matumba a anthu ambiri, ndipo panalibe zodikira basi ya ku Limbe. Zithunzi zinkafika pafoni mvula isanakate. Zina zidandikwiyitsa, makamaka za mitembo ya anthu osavala bwino zomwe zinkatumizidwa pa WhatsApp abale awo asanamve n'komwe za malirowo. Pachikhalidwe chathu uthenga wa maliro uli ndi mwini wake ndi njira yake, ndipo foni siyenera kulumpha mwambo umenewu. Ndidadzifunsanso ngati dzanja logwira foni silikadatha kugwira khasu n'kufukula mnzake.

Komabe sindidathe kuwadzudzula onse, monga ankachitira anzanga ena opuma pantchito. Zithunzi zomwezo ndi zimene zidadziwitsa dziko msanga kukula kwa ngoziyo. Ndiponso m'masiku otsatira ndidaona anthu akufufuza m'mafoni mwawo zithunzi zakale za abale osowa, zina zosaoneka bwino, zina zojambulidwa mwangozi munthu akutafuna chimanga, zomwe pa tsiku labwino akadazifufuta. Zimenezo ndi zomwe ankaonetsa m'misasa ndi m'zipatala pofunsa ngati wina wamuonako munthuyo. Poona zimenezi ndidakumbukira chala cha mayi uja chikuyenda pamizere itatu.

Dzinja lapitali kudali chinkhoswe cha mdzukulu wa mlongo wanga. Itakwana nthawi ya zithunzi, mvula idayamba, ndipo anthu adathamangira pakhonde. Mnyamata wojambula adaima pabwalo ndi kamera yake yamakono, yomwe imatha kujambula ngakhale kuli chisisira, koma madzi imawaopabe. Adakodola kamnyamata kena ka pachibale pathu, kosavala nsapato, kuti kamugwirire ambulera, ndipo iko kadathamanga mokondwa. Ine adali atandikhazika kale pampando wa pakati, monga mwini mbumba. Ndidanyamuka, ndidatsika masitepe, n'kukalanda ambulerayo.

"Agogo, munyowatu!" anthu adakuwa.

"Iwe, thamanga ukakhale pampando wangawo," ndidakauza kamnyamatako.

Chithunzicho adanditumizira pafoni madzulo omwewo. Kamwanako kali pakati pa akuluakulu ovala masuti, mapazi osafika pansi, kakuseka. Mkono wanga udanjenjemera ndithu, koma wojambula adati pangodya sipadalowe kanthu.