Kodi Tikonze Kilatchi Yodziponda Yokha?

M'mabanja ambiri muli katundu wakale amene mtengo wake suŵerengedwa ndi ndalama zokha: makina osokera a amayi, njinga ya agogo, kapena wailesi imene amalume anabwera nayo pochokera ku Joni. Pa banja lathu kuno ku Madisi katundu wotere ndi galimoto ya Volkswagen ya chaka cha 1964, ija Azungu amaitcha Beetle, ndiko kunena chikumbu. Bambo athu anaigula kwa mphunzitsi wina wa ku Ulaya pamene anali kubwerera kwao, ndipo nchifukwa chake chiwongolero chili kumanzere.

Galimoto imeneyi inatuluka m'fakitale yopanda chopondera cha kilatchi. Inali ndi makina otchedwa Saxomat, opangidwa ndi kampani ya ku Germany ya Fichtel & Sachs, amene a Volkswagen anayamba kuika mu 1961 m'galimoto za ogula amene anawafuna. Makinaŵa ali ndi mbali ziŵiri. Ponyamuka, woyendetsa amangoponda mafuta. Injini ikawonjeza liŵiro, tizitsulo tolemera timakankhikira kunja ndi kugwiritsa kilatchi. Posintha giya, dzanja likangogwira ndodo ya giya, kaswitchi kamagetsi kamatsegula valavu, ndipo mphamvu imene injini imakokera mpweya imakoka chikopa cha labala chimene chimamasula kilatchi. Dzanja likachoka, kilatchi imagwiranso. Mwendo wamanzere umangopuma.

Zaka zitapita, labala uja anauma nang'ambika, ndipo wina sanapezeke. Tsono makaniko wina anachotsa kilatchi ya tizitsulo ija, naika mbale wamba, chopondera ndi waya wake. Valavu ndi kathanki ka mpweya anazisiya pomwepo zosalumikiza. Chiyambire tsikulo galimoto yayenda chotero, kunyamula odwala, akwati ndi matumba a mtedza.

Funso labuka chaka chino chifukwa bambo akalamba, ndipo bondo lao lamanzere silikulolanso kuponda kilatchi. Munthu amene wadziyendetsa yekha zaka zonsezi tsopano amadikira kuti wina amuperekeze ku tchalitchi kapena ku maliro. Anyamata a pa banja pathu anati: “Agogo, tiyeni tibwezeretse makina aja, muziyendanso nokha.” Maganizo ameneŵa ngachikondi, ndipo ali ndi nzeru yake, pakuti makina otere anathandiza anthu ambiri ovutika mwendo. Ndiponso osunga galimoto zakale amalemekeza imene ili monga inatulukira m'fakitale.

Koma walira mvula walira matope. Tinakhala pansi ndi kupima zinthu zitatu.

Choyamba ndi zipangizo. Galimoto za Beetle zinapangidwa zoposa 21 miliyoni. Ku Uitenhage ku South Africa, kumene tsopano kumatchedwa Kariega, anazipanga kufikira 1979, ndipo yotsiriza inatuluka ku Puebla ku Mexico mu 2003. Chotero mbale wamba ya kilatchi ndi waya wake zimapezekabe. Koma Saxomat anaisiya mu 1967, naika makina a mtundu wina, ndipo zotsala zake zili makamaka kwa osunga zakale ku Ulaya. Kuziitanitsa kumafuna ndalama zakunja, pamene pakhomo pali ana a sukulu ndi munda wofuna feteleza.

Chachiŵiri ndi dziko lathu. Pa msewu wa M1, kuchoka pa Madisi kupita ku Mponela kapena ku Kasungu, makinaŵa angayende bwino. Koma abale athu ali ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Pokwera chitunda pang'onopang'ono ndi katundu, kilatchi ya tizitsulo imaterera ndi kutentha. Dzuŵa la mwezi wa October limaumitsa mapaipi a labala, ndipo kabowo kamodzi kokha kangachititse kuti giya ikane kuloŵa, munthu wokalamba ali yekha m'thengo.

Chachitatu ndi okonza. Makaniko aliyense wa ku Mponela angathe kukunga waya wa kilatchi pansi pa mtengo. Makina a valavu ndi mpweya afuna munthu amene anawaphunzira, ndi buku lake m'manja.

Bambo anamvetsera zonsezi, ndipo anati: “Adzukulu anga, ine sindikusoŵa makina. Miyendo ndili nayo yambiri, ndiyo yanuyo.” Tinagwirizana tsono kuti chopondera chikhale. Ndalama zimene tinasonkha zigule matayala ndi kukonza mabuleki. Valavu, kathanki ndi zotsala zonse tazichotsa bwinobwino, tazipukuta, tazilemba maina ndi kuzisunga m'bokosi, kuti wa m'tsogolo amene adzakhale ndi njira asadzapeze kuti tinataya. Ndipo mdzukulu aliyense amene ali ndi laisensi ali ndi sabata lake loyendetsa agogo.

Sitikubisa kuti bambo ataya ufulu wina umene sudzabwerera. Koma m'maulendo ameneŵa anyamata akumva mbiri ya midzi ndi maina a makolo amene sanali kuwadziŵa.

Inu makolo, musanakonze chinthu chakale, yambani mwafunsa chimene banja likusoŵa kwenikweni, ndi amene adzachisamale chikawonongekanso. Inu achinyamata, musafulumire kutaya chimene simunachimvetse. Phunzirani magwiridwe ake, musunge ngakhale kachitsulo kakang'ono, ndipo pamene mphamvu za akulu zikutha, perekani zanu.