Tchaja imodzi, mabatire asanu ndi limodzi

 Nkhani yathu mwezi uno ndi ya mabatire. Ena aiyesa nkhani ya ana, komatu ikukhudza nyumba zimene tikugonamo, ndipo ambiri a ife nyumbazo timakhalamo ndi anthu ena, khoma kugundana ndi khoma.

Ambirife tidakula tikupinda mawaya n'kupanga galimoto, n'kumazikankha m'fumbi la ku Ndirande kapena ku Kawale mpaka amayi atatiitana kuti nsima yapsa. Lero, imvi zitayamba kuoneka, ena tabwerera ku masewera omwewo, kungoti galimoto zake n'zogula ndipo zimayenda ndi rimoti. Kukayamba kuzizira cha mu Novembala, Lachisanu limatipeza ndi ana athu mumchenga wa ku Sealine, kupitirira Mesaieed. Ma drone ndi ochepa pakati pathu chifukwa kuwaulutsa kuno kumafuna chilolezo cha boma, koma zonsezi zimadya batire la mtundu umodzi, lotchedwa LiPo: lopepuka, lamphamvu, komanso losachedwa kupsa mtima.

Vuto limayambira pa nthawi. Batire limatha m'mphindi zochepa, koma kulidzaza bwino kumatenga pafupifupi ola. Munthu wa mabatire 6 ndi tchaja imodzi afunika maola 6, ndipo amene waweruka Lachinayi usiku maola amenewo alibe. N'chifukwa chake ambiri timagula kabolodi kolumikizira mabatire onse ku tchaja imodzi, kuti adzaze nthawi imodzi. Njirayi si yolakwika. Imagwira ntchito, ndipo ifenso timaigwiritsa ntchito. Koma pali chinthu chimodzi chimene wogulitsa kabolodiko sakuuzani: mabatire akalumikizana motero, tchaja imaleka kuwaona lililonse palokha. Imaona batire limodzi lalikulu. Lodwala ndi langwiro, kwa iyo n'chimodzimodzi.

Tiyambe ndi masamu, ndipo si ovuta. Batire lililonse limalembedwa kukula kwake, tinene 1500 mAh. Muyeso umene aliyense amayambira umatchedwa 1C, ndipo umatanthauza kuti batire la 1500 mAh lilandire ma amp 1.5, la 2200 mAh lilandire 2.2, la 5000 mAh lilandire 5. Tikawalumikiza pa kabolodi, kukula kwawo kumaphatikizana koma ma volt sasintha. Mabatire 6 a 1500 mAh ndi 9000 mAh, choncho 1C yawo ndi ma amp 9. Tchaja nayo ili ndi malire ake: batire la maselo 4 likadzaza limafika ma volt 16.8, ndipo 16.8 kuchulukitsa ndi 9 ndi ma watt oposa 150. Tchaja ya ma watt 50 singafike pamenepo ngakhale mutaikakamiza. Ingotenga nthawi yaitali, zimene si zoipa konse.

Mabatire ambiri a masiku ano amalembedwa kuti angathe kutchajidwa pa 2C, ena mpaka 5C. Ife sitikutsutsa zolembedwazo. Batire latsopano, lili lokha pa tchaja, m'chipinda chozizira, likhoza kupirira. Koma pa kabolodi sitipitirira 1C, ndipo nthawi ikatilola timatsika kufika pa ma amp 6 kapena 7 m'malo mwa 9 uja. Chifukwa chake nachi. Tchaja imatulutsa ma amp amene mwaiuza, osafunsa kuti akupita kwa yani. Mapulagi awiri akakhala kuti sadalowe bwino, mabatire 4 otsalawo agawana ma amp onse 9, ndipo lililonse lalandira 1.5C inu osadziwa. Mukadakhala kuti mudayambira pa 2C, ndiye kuti lafika pa 3C. Ndiponso ngakhale mapulagi onse atalowa, mabatire sagawana mofanana: latsopano limameza mofulumira, lokalamba limatsalira n'kumatentha. Malo amene tawasiya pansi pa malire ndi amene amatipulumutsa pa zimene maso sakuona.

Choopsa chachikulu chimachitika tchaja isanayatsidwe n'komwe. Mabatire awiri akangolumikizana, wodzaza amayamba kuthira magetsi mwa wopanda kanthu, ndipo palibe chowaletsa. Selo lodzaza limakhala ndi ma volt 4.2, logwiritsidwa ntchito limakhala cha pa 3.7. Pa batire la maselo 4, kusiyanako ndi ma volt 2 athunthu, okwanira kukankha ma amp makumi angapo kudzera m'timawaya tosayenera katundu wotere. Choncho batire lililonse timaliyeza kaye ndi kachipangizo koyezera, kotchipa kuposa chakudya chamasana, ndipo timalumikiza okhawo amene maselo awo sakusiyana kuposa 0.1 volt. Timayamba ndi mawaya akuluakulu, kenako timawaya ting'onoting'ono tolinganiza maselo. Za kusakaniza batire la maselo 3 ndi la maselo 4 pa kabolodi kamodzi, zimenezo sizikambidwa; ndi kuyatsa moto ndi manja ako. Kabolodi kokhala ndi ma fyuzi ndi kodulirapo pang'ono, ndipo ndalama yake si yotaya.

Batire lotupa, loboola kapena limene lidamenyetseka pamwala sililowa pa gulu. Akuluakulu adati ikawola imodzi zawola zonse, ndipo pa nkhaniyi mwambiwo ndi woona mpaka kumchira. Selo limodzi likawonongeka m'kati, mabatire anzake onse amathira mphamvu zawo mwa ilo, likutentha, n'kuyatsa oyandikana nalo. Moto wake ndi wa utsi wakupha ndipo umatha kuyambiranso munthu ataganiza kuti wazima.

Kenako pali dzuwa la kuno, limene anzathu a ku London ndi ku Dublin salidziwa. Mu Julaye 2010 kutentha ku Doha kudafika madigiri 50.4, ndipo chaka chilichonse, kuyambira Juni mpaka Seputembala, kupitirira 40 ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Mabatire a lithium sayenera kutchajidwa akatentha kupitirira madigiri 45. Batire limene latsala m'galimoto yotseka masana, kapena limene langochoka kumene pa liwiro mumchenga, lili kale pafupi ndi malirewo. Lizizire kaye. Pakhonde, pamene kwathu tikadati ndi pabwino chifukwa pali mphepo, kuno m'chilimwe ndi ng'anjo. Ife timatchajira m'nyumba, pa matailosi, kutali ndi makatani ndi matiresi, kutalinso ndi khomo lotulukira, ndowa ya mchenga ili pambali. Mchenga ndiye sitingadandaule kuti ukusowa m'dziko lino. Ndipo munthu amakhala pomwepo mpaka tchaja italira. Kutchaja usiku anthu ali m'tulo, m'chipinda cha anthu anayi, ndi kuika miyoyo ya ana a eni pa chiswe.

Nkhaniyi siithera ku Doha, chifukwa mabatirewa timawanyamula popita kumudzi. Pa 3 Seputembala 2010, ndege yonyamula katundu ya UPS idagwa pafupi ndi Dubai moto utabuka m'katundu momwe mudali mabatire a lithium, ndipo oyendetsa ake onse awiri adamwalira. Ngozi zotere ndi zimene zidakhwimitsa malamulo amene timakumana nawo pa bwalo la ndege la Hamad: batire lapadera sililowa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, limakhala m'chikwama cha m'manja, nsonga zake zitamatidwa. Mpaka 100 Wh limaloledwa, kuyambira pamenepo mpaka 160 Wh limafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Lathu lija la 1500 mAh ndi 22 Wh chabe. Paulendo, komanso likamakhala masabata osagwira ntchito, timalisiya pa ma volt 3.8 pa selo, osati lodzaza.

Kumudziko olandira mabatirewa alipo. Boma la Malawi ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Adzukulu athu ena tsopano amajambula maukwati ndi minda kuchokera m'mwamba, ndipo akamatiimbira sapempha nsapato, amapempha mabatire. Iwo chiyeso chawo ndi chachikulu kuposa chathu, pakuti magetsi akazima tsiku lonse n'kubwera madzulo, mtima umati dzazani zonse msanga asanathawenso. Pulagi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzi, ya mano atatu, choncho tchaja yogulidwa ku Doha ikafika ku Area 25 imangolowa pakhoma popanda wina woifotokoza. Potumiza kabolodi, m'phukusi momwemo muikemo kachipangizo koyezera kaja, ndi pepala lolembedwa ndi dzanja lanu losonyeza ma amp oyenera mabatire awiri, anayi ndi asanu ndi limodzi.