Kulimbitsa chasisi ya galimoto yakale

Chasisi ndi chimango chachitsulo chimene chimanyamula injini, masipuling'i ndi thupi lonse la galimoto. Ikayamba kufooka sibisala. Zitseko zimakana kutsekeka galimoto ikaima pamalo opendekeka, galasi lakutsogolo limang'aluka popanda mwala kuligenda, ndipo matayala amadyeka mbali imodzi ngakhale mwini wake awawongoletse kangati.

Ku Milonde ndi madera oyandikana nawo chasisi imakalamba msanga. Kummwera kwa phiri la Mulanje mvula imagwa yambiri, n'chifukwa chake tiyi amakondako, koma chinyontho chomwecho chimadya chitsulo. Matope ofiira amalowa m'mphako za chasisi n'kukhala momwemo osauma, ndipo dzimbiri limayambira mkati, kunja penti ikuoneka bwinobwino. Ndiye pali katundu. Galimoto imachoka pa Muloza kapena pamsika wa Limbuli itasenza matumba a chimanga, ikasiya tala wa M2 imalowa msewu wafumbi wamaenje, ndipo gudumu lililonse likagwa m'dzenje chimango chimapotoka pang'ono.

Mmisiri amayamba wadziwa mtundu wa galimoto. Hilux, Dyna ndi Canter zili ndi mipiringidzo iwiri yaitali yolumikizidwa ngati makwerero, thupi n'kumangidwa pamwamba ndi mabawuti. Sienta, Probox ndi Corolla zilibe mipiringidzo yotereyi. Thupi lenilenilo ndilo chasisi.

Pa mtundu woyambawo, ming'alu imakonda kutulukira pamene masipuling'i akumbuyo amamangiriridwa ndiponso kuseri kwa kabini. Malowo amatsukidwa, kenako amagogodedwa ndi hamala, chifukwa chitsulo chodyeka mkati chimalira mosiyana ndi chamoyo. Kumapeto kwa mng'alu amaboola kabowo kuti usapitirire, amaukumba ndi gilayinda, n'kuuwotcherera. Pamwamba pake amaikapo chigamba chokhuthala mofanana ndi chasisiyo, chosongoka kumapeto konse. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chigamba cha ngodya zinayi chowotchereredwa mzere woongoka kuchokera pamwamba kufika pansi chimaoneka champhamvu, koma chimasonkhanitsa kulemera konse pamzere umodzi, ndipo chasisi imadzathyoka pomwe chigambacho chathera. Kuika chitsulo chokhuthala mopitirira kulinso ndi vuto lomwelo. Moto ukhale wa apa ndi apo, kulola chitsulo kuzizira, apo ayi mpiringidzo umakhota.

Mtundu wachiwiri umafuna dzanja lofatsa. Malata ake m'malo ambiri safika milimita imodzi, choncho ndodo yowotcherera ya 2.5 mm imene imagwira bwino pageti imangoboola. Makina a MIG ndiwo oyenera. Kufakitale malatawa amalumikizidwa ndi timadontho ta moto, ndipo zaka zikamapita timadonthoti timamasuka. Mmisiri amatsata msoko, kuwotcherera masentimita awiri kapena atatu, kudumpha pang'ono, kuwotchereranso. Pansi pa zitseko, pomwe jeke amagwira, mpofunika kuyang'anitsitsa, popeza mphamvu yambiri ya thupi lotere ili pamenepo. Ena amamanganso mpiringidzo pamwamba pa injini wolumikiza mitu iwiri ya ma shock absorber akutsogolo. Luso limeneli n'lofala kwa ochita mipikisano ku America ndi ku Japan, amene amalimbitsa timagalimoto monga Mazda MX-5 ya 1989 kuti tizimvera chiwongolero pokhota mothamanga. Iwo amafuna liwiro, wa ku Milonde amafuna galimoto ifike chaka chamawa, koma msoko wake ndi womwewo.

Moto usanayatsidwe, batire imachotsedwa ndipo mapaipi a mafuta ndi a mabuleki amatchingidwa. Mphuno ya galimoto, kutsogolo kwa magudumu, siyenera kulimbitsidwa: inapangidwa dala kuti ikhwinyate pangozi, anthu ali mkati apulumuke.

Eni magalimoto ambiri amapempha kuwonjezera masamba a masipuling'i kuti anyamule zochuluka. Galimoto imasiyadi kukhala pansi, koma kugunda konse kwa msewu kumapita kuchasisi, ndipo mabuleki amakhala omwe aja. Nthawi zinanso chimene dalaivala akuchitcha chasisi yofooka chimakhala mabushi otha, amene mtengo wake ndi wochepa, ndiye n'kwanzeru kuyamba ndi amenewo. Powotcherera paliponse pamapakidwa penti yoletsa dzimbiri tsiku lomwelo, ndipo timabowo totulutsira madzi pansi pa chasisi timasiyidwa totsekula.