Tsiku Limodzi mu London

Ndidziwa kuti ambiri a inu acinyamata mumalota zokwera ndeke ndi kukaona maiko a kutsidya kwa nyanja. Kulota tero si kulakwa ai. Koma tandiuzani: mutapatsidwa tsiku limodzi cabe mu mzinda waukulu ngati London, mungakaone ciani? Ine tsiku lotere ndinalipeza pamene ndinakaceza kwa amalume anga amene agwira nchito ya unamwino kumeneko. Ndinabwerako ndi phunziro ili: mlendo amene adziwa mbiri ya kwao ndiye amaona zambiri kwa eni.

Tinanyamuka m'mawa pa sitima yoyenda pansi pa nthaka. Njanji ya mtundu umenewu inayamba mu London mu 1863, ndipo ndiyo yoyamba pa dziko lonse. Tinatsikira pa South Kensington ndi kulowa mu Natural History Museum, nyumba yosungiramo mafupa a nyama, miyala ndi zina zacilengedwe. Kulowamo ndi kwaulere. Ana a sukulu anali kuthamangira mafupa a cinsomba cacikulu amene anapacikidwa kudenga. Amalume anandikoka dzanja nati, "Mphwanga, kodi udziwa kuti mnzathu wa ku Kabwe ali m'nyumba muno?"

Anali kunena za cigaza ca munthu wakale cimene anthu okumba mgodi anacipeza mu 1921, pamene Kabwe anali kuchedwa Broken Hill. Akatswiri amene anacipima analengeza mu 2020 kuti cakhala zaka pafupifupi 300,000. Boma la Zambia lapempha kwa zaka zambiri kuti cibwerere kwao. Kwa alendo ena limeneli ndi fupa cabe pakati pa mafupa anzace. Ine mtima unandiwawa, monga umacitira ukamva kuti mbale wako ali kutali ndipo alibe womubweza.

Masana tinadya cakudya cimene Angerezi amanyadira: nsomba yoviika mu ufa ndi kukazinga, pamodzi ndi chipisi, mcere ndi viniga. Cinali cokoma ndithu. Koma ndikucenjezeni, musamasinthe mtengo wa mbale iriyonse kuuika mu makwaca, cifukwa cakudya cidzakana kutsika pakhosi! Cimene cinandidabwitsa ndi cakuti anthu ambiri anali kudya yekhayekha, mofulumira, maso ali pa foni.

Titakhuta tinakweranso sitima mpaka ku Westminster, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Kumeneko kuli nyumba ya malamulo ndi nsanja ya koloko yaikulu ija mumaiona pa zithunzi. Dzina lakuti Big Ben ndi la belu la m'katimo, lolemera matani oposa 13. Pafupi pomwepo pali chalichi ca Westminster Abbey, mmene mafumu a ku England akhala akuvekedwa ufumu kuyambira 1066. Mfumu Charles III anavekedwa momwemo mu 2023. Wofuna kuona malo amalipira, koma wobwera kudzapemphera salipira kanthu.

Pakati pa chalichico, pansi pomwe anthu amaponda, pali mwala wakuda wa manda a David Livingstone. Alendo ambiri anali kungoudutsa. Inu ndi ine tidziwa kuti munthuyu anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa Mfumu Chitambo, muno mu Zambia, ndi kuti mtima wace unakwiriridwa pansi pa mtengo wa mpundu. Anzace a pa ulendo, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, ananyamula thupi lace miyezi isanu ndi inai, mtunda woposa makilomita 1,500, kufikira ku Bagamoyo m'mbali mwa nyanja. Anaikidwa mu London pa 18 April 1874. Mau a pa mwalawo amayamikira manja okhulupirika amene anamubweretsa, koma maina a Susi ndi Chuma palibe. Ngati ife sitiwakumbukira, adzawakumbukira ndani? Pa mapemphero a madzulo a 5 koloko, kwaya iri kuimba, ndinawachula maina awo camumtima.

Usiku tinakadya ku Brick Lane, mseu wodzala ndi nyumba zodyera za anthu ocokera ku Bangladesh. Anatipatsa mpunga, nkhuku ya tsabola ndi buledi wopyapyala wotentha. Ngakhale cikwangwani ca mseuwo cinalembedwa m'Cingerezi ndi m'cilankhulo cao ca Bengali. Amalume anati, "Waona? Awa anabwera ndi zao, sanacite nazo manyazi, ndipo lero Angerezi amaima pa mzere kuti alaweko." Ndinaganiza za anzathu ena amene akangofika ku Lusaka ayamba kunyoza nsima ya ndiwo zotendera ndi cilankhulo ca amai ao.

Tsono abale ndi alongo, ulendo wa ku Ulaya ungabwere kapena osabwera, koma kukonzekera kuyambe lero. Khalani pansi ndi agogo anu akali moyo, muwafunse kumene mtundu wanu unacokera. Safunsa anadya phula. Gulu lanu la acinyamata lingathe kusonkha ndalama pang'onopang'ono ndi kukaona Livingstone Museum, kapena cikumbutso ca ku Chitambo, kufupi ndi Serenje. Mukatero, tsiku limene mudzaima pa mwala wakuda uja mudzakhala ndi nkhani youza eni mzinda.