Kadzutsa wako ku Canada

Mwana wanga wokondedwa,

Za maphunziro bambo ako akuuza kale, za mapepala a ulendo ndi zovala za m'chisanu tinakambirana tonse. Ine ndatenga cholembera kuti ndikuuze za kadzutsa, chifukwa nkhani imeneyi anthu amaiona ngati yaing'ono, pomwe ndi imene izidzakudikira tsiku lililonse dzuwa lisanatuluke. Mumzinda wa Hamilton ukupitawo ndinaphunzirako, ndipo ndinaona ana ochokera kuno ku Africa akufooka m'miyezi yoyamba, ena kuonda, ena kunenepa mosayenera, chakudya chili mbwee m'masitolo. Chimene chinkawavuta n'kutengera kadyedwe ka eni dziko asanakamvetse.

Ukadzangotuluka m'nyumba m'mawa udzaona kapu ya pepala m'manja mwa pafupifupi aliyense: podikirira basi, m'kalasi, pa ntchito yomanga, m'makonde a chipatala. Anthu a ku Canada amamwa khofi kwambiri, ndipo mkati mwa sabata ambiri amamwera panjira. Magalimoto amandanda kumbali kwa sitolo, woyendetsa amaitanitsa osatsika, kulipira pa zenera, kulandira kapu ndi kabuledi ka dzira, n'kumatafuna manja ali pa chiwongolero. Kwa ambiri kadzutsa ndi ameneyo basi.

Dzina limene udzaliona pa makapu ambiri ndi Tim Hortons. Sitolo yake yoyamba inatsegulidwa mu 1964 mu Hamilton momwemo, pa msewu wa Ottawa Street, ndipo anaiyambitsa ndi Tim Horton, katswiri wa masewera a hockey ya pa ayezi wa timu ya Toronto Maple Leafs, yemwe anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1974. Lero masitolo a dzinali ali m'dziko lonselo, mpaka m'timatauni ting'onoting'ono momwe alimi ndi okalamba amakumana m'mamawa kucheza za nyengo ndi ndale. Anthuwa amaukonda khofi ameneyu mpaka kumusowa akakhala kunja. Asilikali awo ali ku nkhondo ku Afghanistan, kampaniyi inatsegula sitolo pa msasa wa ku Kandahar mu 2006, n'kukhalapo mpaka 2011, kuti anyamatawo azimwa chimene anazolowera kwawo. Inafikanso ku Glasgow mu 2017 ndi ku Shanghai mu 2019. Kuyambira 2014 ili m'manja mwa kampani imodzi ndi Burger King, ndipo udzamva eni dziko akutsutsana ngati khofiyo akadali wokoma monga kale. Mkangano umenewo ngwawo. Iwe uzimvetsera, osathamangira kunyoza chinthu chimene anthu anakula nacho.

Tsono pali chifukwa chachikulu chimene ndikufunira kuti uudziwe khofi wawo. Anthu a kumeneko ndi aulemu koma sathamangira kuitanira munthu kunyumba, ndipo kungotulukira pakhomo pa mnzako osapangana ndi chinthu chachilendo kwa iwo. Ubale wawo umayambira pa kapu ya khofi. Mnzako wa m'kalasi, mphunzitsi, kapena mayi wa ku tchalitchi akati tikamwe khofi, dziwa kuti wakuyalira mphasa n'kukupatsa chikho cha thobwa monga timachitira kuno ndi mlendo. Sakufunsa ngati uli ndi ludzu. Akufuna akudziwe, akumve, mwina akuuze za ntchito kapena za nyumba yotsika mtengo. Usakane ponena kuti sumwa khofi. Pita, ukaitanitse tiyi kapena chokoleti chotentha, palibe adzakudabwe. Ana athu ambiri amene ndinawaona akusungulumwa m'zipinda zawo anali oti anakanapo kuitanidwa kotereku kawiri katatu, pofuna kusunga ndalama kapena chifukwa cha manyazi, ndipo anthuwo analeka kuwaitana poganiza kuti sakufuna.

Ndipo usakhale wolandira chabe. Mukamawerengera limodzi, wina amadzuka n'kufunsa aliyense chimene akufuna, n'kukagulira gulu lonse. Tsiku lina udzuke ndiwe. Kabokosi ka Timbits, timadonasi tozungulira ting'onoting'ono timene anayamba kugulitsa mu 1976, sikadula, koma ukakaika patebulo pakati pa anzako amakuwerengera kuti ndiwe wawo. Kupatsa n'kuika, mwana wanga.

Poitanitsa, anthu ali pambuyo pako amakhala pa changu, ndiye udziwiretu chonena. Ukati regular akuthirira muyezo umodzi wa kirimu ndi umodzi wa shuga, ukati double-double akuthirira miwirimiwiri, ukati black sakuthirira kanthu. Amathira okha asanakupatse, ndipo kapu ikakula muyezo umakulanso. Kirimuyo si mkaka wamba, ngwamafuta ambiri. Double-double yaikulu imakoma zedi pamene kunja kukuzizira, koma kuimwa kawiri pa tsiku chaka chonse n'kudzisenzetsa shuga amene thupi lako silinamupemphe. Paja ukudziwa kuti kuchimuna kwanu kuli matenda a shuga.

Tiye tiwerengenso ndalama. Mtengo wolembedwa pa bolodi si umene udzalipira, chifukwa msonkho amauonjezera polipira, ndipo m'chigawo cha Ontario umafika 13 pa 100 iliyonse. Ukamaononga madola 5 m'mawa uliwonse pa khofi ndi kabuledi, masiku 20 a sukulu pa mwezi ndi madola 100, ndipo ikamakwana 10 koloko m'mimba mulira kale. Zakudya zokaphika wekha monga mkaka, mazira, ufa ndi zipatso sizikhala ndi msonkho umenewo. Choncho khofi wa m'sitolo umusungire nthawi yocheza ndi anthu. Wa tsiku ndi tsiku uziwiritsa wekha n'kuthira m'kafulasiki, ndipo usanatuluke uzidya chakudya chenicheni utakhala pansi.

Chakudya chake n'chosavuta. Canada ndi dziko limene limagulitsa oats kunja kuposa lina lililonse, wolimidwa m'zigawo za Saskatchewan ndi Manitoba, ndipo thumba lalikulu n'lotsika mtengo. Usagule timapaketi tothira kale shuga. Gula wamba, uphike phala ndi mkaka, uthiremo supuni ya chiponde ndi nthochi, ndipo ukhuta mpaka masana. Masiku ena dzira ndi buledi. Ufa woyera wa chimanga umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ndi a ku Caribbean, ndiye phala la kwathu ukalilakalaka silidzakusowa.

Mkaka wa ku Ontario udzakudabwitsa tsiku loyamba. Umabwera m'thumba lalikulu la malita 4, mkati muli timatumba titatu ta pulasitiki tofewa. Sutsanulira m'chinthu china ayi. Umatenga kathumba kamodzi, kukaimika m'jagi yake yopangira zimenezi, kuigogoda pang'ono patebulo kuti kakhazikike, kenako kudula kangodya kapamwamba ndi sizasi. Ukadula pakulu mkaka umakhuthukira patebulo, ndiye dula pang'ono, ndipo potsanula ugwire ngodya inayo ndi zala. Uzimwa mkakawu ngakhale kuno sunkaukonda kwenikweni, pakuti lamulo la dzikolo limakakamiza kuti azithiramo vitamini D. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 7:45 n'kulowa 5 koloko isanakwane, ndipo ngakhale likawala limakhala lopanda mphamvu. Kuno vitamini ameneyu thupi limadzipangira lokha ndi dzuwa, koma khungu lakuda ngati lathu limafuna dzuwa lochuluka kuti lipange wokwanira. Ukadzamva kutopa kosatha ndi kuphwanya kwa m'mafupa m'nyengo yachisanu, usathamangire kapu ina ya khofi. Pita ku chipatala cha pa sukulupo ukafunse za mapiritsi ake.

Mdima umenewu ndi umene umakokera ophunzira ku khofi wopitirira muyezo. Unduna wa zaumoyo wa kumeneko, Health Canada, umalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire mamiligalamu 400 a caffeine pa tsiku, ndipo kapu imodzi yaikulu ya m'sitolo ikhoza kukhala ndi oposa theka la muyezo umenewu. Nthawi ya mayeso udzaona anzako akumwa usiku kuti awerenge, m'mawa akumwanso kuti adzuke, manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga. Iwe ukadya nkhomaliro khofi umusiye, tulo tako tikhale tathunthu.

Usaganize kuti anthuwa sadziwa kudya bwino m'mawa. Loweruka ndi Lamlungu ndi pamene amakhala pansi ndi mabanja awo, ndipo ukaitanidwa ku kadzutsa wotereyu upite ndi njala yako yonse: mazira, mbatatesi yokazinga, nyama ya nkhumba, ndi zikondamoyo zopyapyala zothira manyuchi a maple. Manyuchi amenewa ndi chuma chawo, tsamba la mtengo wake ndi limene lili pa mbendera. Chisanu chikamatha, cha mu Malichi, pamene usiku madzi akuundana koma masana kukufunda, amaboola thunthu la mtengowo ndipo madzi oyera otsekemera pang'ono amadontha. Amawawiritsa kwa maola ambiri, ndipo pamafunika malita pafupifupi 40 kuti patuluke lita imodzi ya manyuchi. Luso limeneli azungu analipeza kwa eni nthaka amene analipo iwo asanafike, ndipo lero chigawo cha Quebec chokha chimapanga pafupifupi magawo 7 mwa 10 a manyuchi a maple a dziko lonse lapansi. Anzako akadzakonza ulendo wopita ku nkhalango kumene amaphikirako, upite nawo. Amathira manyuchi otentha pa chipale chofewa choyera, amauma pang'ono, n'kuwakulunga pa kamtengo, ndipo akulu ndi ana amanyambita pamodzi nthunzi ikutuluka m'kamwa. Pogula m'sitolo uwerenge botolo, chifukwa otsika mtengo ambiri ndi shuga wa chimanga wongomununkhiritsa.

Ukakafika ku Toronto, komwe si kutali ndi Hamilton, ku msika wa St. Lawrence amagulitsa peameal bacon, nyama ya kumsana kwa nkhumba yogubuduza mu ufa wachikasu wa chimanga, yoika mu banzi. Ku Montreal amanyadira bagel, buledi wobooka pakati amene anabwera ndi Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, wowiritsa m'madzi a uchi kenako kuwotcha mu uvuni wa nkhuni. Nkhumba imalowa m'zakudya zambiri za m'mawa, ngakhale mu nyemba, ndiye ukakhala ndi mnzako wachisilamu kapena wa Sabata umuthandize kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. M'malesitilanti odyera utakhala pansi, woperekera zakudya amayembekezera kandalama koonjezera ka 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse ya mtengo wa chakudyacho. Si mphatso yongofuna, ndi mbali ya malipiro ake. Ngati ndalamayo ulibe, tsiku limenelo udyere kunyumba.

Ndi kukonda konseku, khofi salimidwa m'dziko lawo chifukwa cha kuzizira. Yense amene amamwa amachokera kumaiko ofunda ngati kwathu kuno. N'chifukwa chake m'chikwama chako ndaikamo mapaketi a khofi wa Mzuzu, wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a kumpoto monga a m'mapiri a Misuku ku Chitipa. Si wako ameneyo. Paketi imodzi ukapatse banja limene likakulandire, ina usungire munthu woyamba amene adzakuitanire kunyumba kwake, ndipo ukamapereka umuuze kumene wachokera ndi amene anamulima. Tiyi wa Chombe ndiye wako, pamodzi ndi kasefa kake. Pa bwalo la ndege ukadzafunsidwa ngati wanyamula chakudya, uvomere ndi kutchula zonse, ngakhale zouma. Amalipitsa chindapusa munthu wobisa.

Ukagule jagi ya mkaka, kapoto ndi fulasiki sabata yoyamba yomweyo. Lamlungu ndidzaimba foni itakwana nthawi ya m'mawa kwanuko, ndipo ndidzakufunsa zimene wadya masiku onsewo.

Mulungu akutsogolere pa ulendo wako.

Ndine mayi ako.