Juzi ya Mitanda

Pa tchuthi cha Pasaka ndidagula juzi yakuda pamsika wa kwathu. Kumsana kwake kudali mtanda waukulu wa nsonga zophukira ngati maluwa, m'mikono timitanda tondondozana, ndipo pachifuwa padalembedwa Chrome Hearts m'zilembo zokhotakhota zija za m'mabuku akale a Misa. Ndalama yomwe ndidapereka idali ya sopo, shuga ndi mafuta odzola a teremu yonse.

Amayi ataiona adaomba m'manja. "Mwana wanga, wayamba kale kuvala za kutchalitchi!" Ine ndidangoti, "Eya, amayi." Komatu ndinkadziwa bwino kuti si za kutchalitchi, chifukwa msuweni wanga adali atandionetsa zonse pa foni yake.

Chrome Hearts ndi kampani ya ku Los Angeles, ku America. Adaiyambitsa ndi Richard Stark mu 1988 pamodzi ndi anzake awiri, wina wodziwa za zikopa, wina wosula siliva. Poyamba ankasoka zovala zachikopa za anthu okwera njinga zamoto. Kenaka oimba nyimbo za rock, monga Steve Jones wa gulu la Sex Pistols ndi anyamata a Guns N' Roses, adayamba kuzivala, ndipo mu 1992 Stark adalandira mphotho ya bungwe la okonza zovala ku America la CFDA. Zizindikiro zawo ndi mitanda, mipeni ndi maluwa, pa mphete zolemera zasiliva, pa maunyolo, ngakhale pa magalasi a m'maso. Jinzi yakale ya Levi's akaisokerera mitanda yachikopa imagulidwa madola masauzande angapo. Apa mwaona kale kuti yangayi ndi yongoyerekeza. Nditaichapa kachiwiri, chilembo H chidayamba kusupuka.

Nanga chidandikoka n'chiyani? Anzanga mukundidziwa. Ndine wamfupi, wamanyazi, ndipo posankhana ku mpira dzina langa limamveka pomalizira. Kuno timadzuka ndi belu, kudya ndi belu, kugona ndi belu, tonse malaya amtundu umodzi. Sindikudandaula ayi. Koma nditavala juziyo ndi kudziyang'ana pagalasi, ndidaona mnyamata wina, wosaopa munthu, wonga woimba gitala lolira mokalipa amene khamu lonse likumukuwira. Juziyo inkandiyankhulira zomwe pakamwa panga sipangathe. Ndikhulupirira kuti n'zomwenso amagula anthu olemera aja: maonekedwe a munthu wosamva zomuuza, popanda kukwera njinga yamoto kapena kugona ndi njala chifukwa cha nyimbo. Chondiseketsa n'chakuti zovala za anthu okana malamulo zimafuna thumba lalikulu kuposa suti ya bwana. Masitolo awo ndi owerengeka, zambiri sagulitsa pa intaneti, ndiye kusowa kwakeko kumangowonjezera ludzu.

Loweruka loyamba titatsekulira, titatha ntchito zamanja, ndidaivala. Anyamata adandizungulira, wina kugwira mkono, wina kufunsa mtengo, ndipo kwa mphindi khumi ndidali munthu. Tikupita ku bwalo la mpira tidakumana ndi Bambo wathu wauzimu. Adandiuza kuti nditembenuke, nayang'ana kumsana nthawi yaitali.

"Mtanda umenewu ndi wa yani?"

Ndidafuna kuyankha monga ndidayankhira amayi, koma lilime lidakana. "Ndi wa kampani, Bambo."

"Chabwino," adatero, nkumapita. Sadandilande, sadandipatse chibalo. Kukadakhala bwino akadandilanda.

Sindinama, juziyo ndimaikondabe, ndipo zilembo zake ndimazijambula kumbuyo kwa kope langa la Chilatini. Koma kuchokera tsiku limenelo ili pansi m'sutikesi, ngakhale kuzizira kwa Juni kwafika. Sopo ndikupempha kwa mnzanga wa bedi loyandikana nalo, ndipo wayamba kuwerenga masiku. Sabata yatha amayi adanditumizira kakalata kudzera kwa akatekisiti a kwathu. Pomalizira akufunsa ngati juzi ya kutchalitchi ija ikundifunditsa bwino pa Misa ya m'mawa. Yankho ndaliyamba katatu, ndipo mapepala onse atatu ndang'amba.