Chingwe cha Kuseri kwa Nyumba

Chingwe choyanikapo zovala kuseri kwa nyumba yathu ku Ndirande ndicho chinkandiulula. Mwana wanga anali ndi zaka 6, koma m'mawa uliwonse ndinkayanikapo matewera. Amayi anzanga popita kumpopi ankayang'ana chingwecho, kenako n'kuyang'ana ine. Apongozi anga anandifunsa tsiku lina: "Kodi amake mwana, mukumulera bwanji mwanayu? Anzake onse anasiya kalekale." Ena ankanong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti malonda ayende.

Kuchipatala anatiuza kuti ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene dokotala Leo Kanner analifotokoza ku America mu 1943. Dzinalo silinandichapire thewera ngakhale limodzi, komabe linanditsekula maso. Chimbudzi chathu n'chokumba: mdima, fungo, ntchentche, ndi dzenje losaoneka pansi pake. Mwana amene phokoso ndi fungo zimamubaya ngati minga ankaona phompho pamene ife tinkaona malo wamba. Ankadziletsa masiku atatu mpaka kudzimbidwa, ndipo ululuwo unkangowonjezera mantha ake.

Za kutopa kwanga ndimanena ndi manyazi. Usiku wina, nditachapa zofunda kachitatu, madzi ogula atatha m'chigubu, ndinamukalipira ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Iye anatseka makutu ndi manja n'kuyamba kudzigwedeza. Ndinakhala pakhonde mpaka tambala woyamba, osalira, osapemphera. Chinandiopsa n'chakuti chisoni chinali chitandithera, monga athera madzi m'chitsime mu Okutobala.

Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sukulu ya mkaka inamubweza chifukwa cha thewera lomwelo, ngakhale lamulo la 2012 loteteza anthu aulumali linali litaletsa kale tsankho pamaphunziro. Motero usana ndi usiku mwanayo anali wanga ndekha.

Amene anandipulumutsa ndi achemwali anga. Anayamba kubwera Loweruka lililonse, n'kundiuza kuti: "Iwe kagone, mwanayu ndili naye." Tulo titabwerera, nzeru nazo zinabwerera. Tinaika kandowa pakona pa chipinda chowala. Tinkamukhazikapo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, akangotha kudya phala. Pakatoni tinajambulapo zithunzi zinayi: kuvula, kukhala, kupukuta, kusamba m'manja. Akachita bwino ndinkamupatsa nthochi. Akalephera ndinkangokolopa, pakamwa nditatseka. Mwezi ndi mwezi kandowa kankasendera kukhomo, kenako pabwalo, kenako pafupi ndi chimbudzi.

Panapita chaka chathunthu asanalowemo. Tsiku limenelo anatuluka, nasamba m'manja, nabwerera kukasanja zitsekerero za mabotolo pakhonde osandiyang'ana n'komwe. Ine ndinalowa kukhitchini n'kulira misozi imene inandikana usiku uja.

Usiku amavalabe thewera. Pachingwe pamalendewera limodzi lokha, ndipo ndinasiya kulibisa pakati pa zitenje.